Tsamba Limene Ndinang'amba pa Chipoka

Azakhali anga anatsika sitima ya pamtunda pa Chipoka Lachitatu masana, atanyamula thumba la mtedza ndi mawu a amalume. Mtedzawo ndinaulandira ndi manja awiri. Mawuwo ndinkawadziwa kale, chifukwa anali atabwera m'makalata atatu: Elsie, mphunzitsi wathunthu amene banja lonse linamuvutikira, sangakwatiwe ndi wosema ziboliboli wa padoko, ndiye Msilamunso. Akwatiwe ndi Lodwick, kalaliki womanga tayi, amene anali atakafika kale kwathu ku Mitundu kukadzionetsa, atanyamula shuga ndi bulangete.

Lodwickyo ine sindinkamufuna ngakhale kumulota. Ankalemba katundu pakampani ina ya padoko, ndipo ankaseka ndi mano okha, maso ali gwa pa iwe. Anthu ankamupatsa moni wautali, osati chifukwa chomukonda, koma chifukwa msuweni wake anali mkulu wa anyamata a malaya ofiira, aja ankaima pamsika n'kumafunsa makhadi a chipani. Chaka chimenecho cha 1983, munthu wokhala ndi msuweni wotero sunkamuyankha mwachipongwe.

Mtima wanga unali kwa Abbas, wosema ziboliboli uja, ndipo unali utakhala kumeneko chaka ndi miyezi inayi.

Ndiye ndinakonza kanzeru kanga. Azakhali anali asanaonepo sitima ya pamadzi, komanso ankafuna kugula tinthu ta kunyanja toti akaonetse anzawo a Mvano. Sitima ya Ilala inkayembekezeka Lachinayi m'mawa. Ndinati ndiwatengere kudoko, ndiwaimike pabenchi ya Abbas ngati mwangozi, aone okha ulemu wake asanadziwe kuti munthuyo ndi yemweyo. Ndinkadziona wochenjera kwabasi. Kuchenjera kwa mphunzitsi, abale, kumathera pabolodi.

* * *

Tinafika kudoko dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Pageti anyamata a malaya ofiira anatifunsa makhadi, tinaonetsa. Anyamatawo anawapatsa azakhali ulemu wapadera chifukwa anali atavala chitenje cha chipani, chija cha nkhope ya mtsogoleri wa dziko. M'mawa umenewo anali atataya nthawi pagalasi akuchitembenuza, kuti nkhopeyo ikhale kutsogolo, asadzaikhalire pokhala pansi. Pa zimenezi azakhali anga sankachita masewera.

Sitima inali itakocheza kale. Matumba a mpunga akukwezedwa, madengu a usipa akutsitsidwa, amayi akuitana ana awo, azungu apaulendo atapsa makosi akungozungulira. Azakhali anaima kukamwa kuli yasa, n'kundifunsa ngati chitsulo chonsecho chimayandamadi chokha popanda chochigwira pansi. Atakhuta kuona, tinapita kumzere wa ogulitsa, pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa shedi ya katundu.

Benchi ya Abbas inali yachitatu. Iye sankasema nkhope za anthu ngati anzake, ankati chipembedzo chake sichilola. Ankasema bawo, zipeso, mipando yopinda, ndi tizombo ta matanga tofanana ndi zombo zimene agogo ake ankakhoma ku Nkhotakota kalekale. Pambali pake, pamphasa, panali amayi ake, a Hajara, akuluka mikeka ya mlaza. Iwo akagwira mlaza sankadzutsa mutu wamba.

Atationa, Abbas sanaonetse chilichonse. Anapukuta manja, anawerama, n'kuwapatsa azakhali moni wa manja awiri. Ine anangondifunsa kuti aphunzitsi mwadzuka bwanji, ngati kholo la mwana wa sukulu, koma khutu lake lamanzere linagwedera, monga linkachitira akamabisa kuseka.

Azakhali anagwira ichi, anagwira icho, akunyoza chilichonse monga mwa chizolowezi chawo pamsika. Abbas sanapse mtima. Anawaonetsa kusiyana kwa phingo weniweni ndi mtengo wamba wodetsedwa ndi polishi wa nsapato, mpaka anawauza kuti chipeso chimene anachikondacho chinali cha polishi, cha azungu othamangira sitima, iwo asachigule. Ndinaona azakhali akumuyang'ananso kachiwiri. Wogulitsa wonyoza katundu wake yemwe anali asanamuonepo. Pamapeto pake anasankha kachombo ka phingo, ka thanga la nsalu yoyera.

Nthawi yomweyo sitima inaliza huta yake koyamba, ndipo azungu awiri anafika ali wefuwefu, akufuna bawo. Abbas anapepesa kwa azakhali kuti adikire pang'ono, awakulungira kachomboko akathana ndi alendowo. Apa ndiye chinandilowa chimene chinandilowa. Ndinafuna kumuthandiza ngati kuti ndine mkazi wake kale. Ndinati asavutike, ndikulunga ndekha.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Ogulitsa onse a padoko ankakulungira katundu m'nyuzipepala zakale, koma mtolo ukafika, ntchito yoyamba inali kuufufuza tsamba ndi tsamba. Tsamba lililonse lokhala ndi nkhope ya mtsogoleri ankalipatula. Sukanakulungiramo kanthu, sukanalitaya, sukanaliotcha, chifukwa zonsezo zinali kunyoza, ndipo wonyoza ankabwera kudzamutenga pa Landirova. Choncho aliyense anali ndi bokosi lake pansi pa benchi, mosungiramo masamba amenewo ali owongoka bwino. Mapepala okulungira ankawakoloweka pamsomali kuseri kwa mtengo. Ine msomaliwo sindinauone. Ndinaona bokosi. Paja amati safunsa adadya phula.

Ndinasolola tsamba limodzi. Mbali imene inandiyang'ana inali ya nkhani za mpira. Tsambalo linakula kwambiri pa kachombo kakang'ono, ndiye ndinalipinda pakati n'kuling'amba bwinobwino, monga ndimang'ambira mapepala a mayeso. Theka limodzi ndinakulungira kachombo. Theka linalo linandipulumuka, linauluka pang'ono ndi kamphepo ka kunyanja, n'kugwera pamchenga mbali inayo ili pamwamba.

Abbas anatembenuka atamva kung'ambikako. Ndinaona kuseka kukuzima pankhope pake, ndipo nditatsatira maso ake ndinaona chimene iye anaona. Pamchengapo panali theka la nkhope: mbali ya chipewa, diso limodzi ndi tsaya, zodukira pamphuno penipeni.

Abbas ananyamula phazi kuti aphimbe pepalalo, koma phazilo linaima m'malere. Akanaliponda bwanji? Kung'amba unali mlandu, kuponda ukanakhala mlandu winanso, pamaso pa anthu onsewo. Kanthawi kakang'ono kameneko, iye ali chiimire ndi mwendo umodzi, dzanja la munthu linatsika n'kutola pepalalo.

Anali Lodwick. Sindikudziwa kuti anali ataima kumbuyo kwathu kuyambira nthawi yanji. Analikuntha mchenga ndi chala, analiwongola pantchafu, analipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya kuseri kwa zolembera zake. Kenako anawapatsa azakhali moni wokoma, n'kumafunsa za amalume ndi za mvula ya ku Mitundu. Azakhali, amene maso awo anali atabwerera kusitima nthawi yonseyo, sanaone kanthu.

Abbas anandipanikizira kaphukusi kaja m'manja.

"Pitani, aphunzitsi," ananong'ona. "Musatembenuke. Inu pano simunakhudze kanthu."

* * *

Njira yobwerera kunyumba za aphunzitsi ndi yaifupi, koma tsiku limenelo sinkatha. Galimoto iliyonse ikamveka kumbuyo, thupi langa lonse linkachita tsemwe. Kaphukusi kaja kanali m'chikwama cha azakhali, theka lina la nkhope lili momwemo, likugunda pachitenje chawo cha chipani phazi lililonse limene ankaponda.

Ndiye onani mmene dziko limamusekera munthu. Ndi nthawi yomweyo imene azakhali anasankha kufewa mtima. Anandifunsa ngati ndinkawayesa mwana. Anati iwonso anakhalapo mtsikana, ndipo mtsikana akaima pafupi ndi mwamuna amene amamukonda amadziwika ndi mmene amaikira mapazi. Anati mnyamatayo ndi waulemu, manja ake ndi a ntchito, ndipo sanawanamize. Za Chisilamuzo anati n'zovuta, amalume adzalumpha mpaka kudenga, komabe iwo akayesa kuwalankhula pang'onopang'ono, makamaka akakhuta.

Mawu amene ndinawadikira chaka chathunthu! Ndinayenera kuvina pamsewu pomwepo. M'malo mwake ndinangoti zikomo, maso ali pansi, ndipo azakhali anayesa kuti ndi manyazi.

Titafika ndinadikira kuti apite kukasamba. Ndinatsegula chikwama chawo ngati mbala, ndinamasula kachombo, n'kukakulunganso m'pepala la m'kope la ana a sukulu. Theka lija ndinakalitambasulira kukhitchini, chitseko chili chotseka. Diso linalo linandiyang'ana. Ndikunena zoona, ndinapepesa, ine munthu wamkulu kupepesa pepala. Kenako ndinalilowetsa m'mbaula pansi pa ketulo, ndinaima pomwepo mpaka linapsa lonse, phulusa lake n'kulisakaniza ndi la makala. Ngakhale zinatero, ndinkangoona ngati utsi wake ukununkha mosiyana, ngati aneba onse aumva ndipo adziwa.

* * *

Lodwick anabwera masana, azakhali atagona tulo ta kutopa. Anadzitengera yekha mpando pakhonde. Pepala lija sanalitulutse, ankangogwiragwira thumba la malaya ngati munthu womva kutentha pachifuwa.

Anayamba ndi nkhani zakutali. Anandifunsa ngati ndikukumbukira mphunzitsi uja wa ku Chinguluwe amene anapachika wotchi pamwamba pa chithunzi cha mtsogoleri m'kalasi mwake. Ndinkamukumbukira. Panali patapita zaka ziwiri chimutengereni, ndipo mkazi wake anali atasiya kufunsa, chifukwa kufunsako nakonso kunali mlandu. Lodwick anapukusa mutu ngati womva chisoni, n'kunena kuti uja sanang'ambe n'komwe kanthu.

"Ine ndinaona amene anang'amba," anatero motsitsa mawu. "Koma pepala ndalitola pabenchi ya Abbas, ndipo anthu anandiona ndikulitola pamenepo. Ndikapita nalo kwa msuweni wanga, sakafunsa za manja. Akafunsa za mwini benchi."

Ndinamuuza kuti ndinang'amba ndine, mosadziwa, ndipo ngati pali wolakwa ndine ndekha. Anaseka kuseka kwake kwa mano kuja. Anati iye sangalole kuti mkazi amene akufuna kumukwatira akawolere m'ndende, choncho dzina langa silidzatuluka pakamwa pake. Dzina la Abbas ndilo linali lopepuka kulitchula.

Ndinagwada. Inde, ine Elsie, amene ana a Sitandade 6 ankandiopa, ndinagwadira Lodwick pakhonde panga pomwe, ndikumuchonderera kuti andipatse pepalalo ndiliotche. Anandisiya ndigwade kanthawi, akuyang'ana nsapato zake.

"Mawa azakhali akubwerera," anatero. "Mukawauze pasiteshoni, ine ndili pomwepo, kuti mwandilola. Akauze amalume kuti ankhoswe anga abwere. Sitima ikangonyamuka, pepala ndi lanu."

Ndinalakalaka kumukhuthulira ketulo yonse pamutu. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anaimirira, anakonza tayi yake, n'kundiuza kuti ndiwapatsire moni azakhali akadzuka.

* * *

Kuseri kwa sukulu kunali mjigo, ndipo ndi kumene ine ndi Abbas tinkaonana. Ine ndinkapita ndi ndowa, iye ankadutsa panjinga, ndipo tcheni chake chinkachoka nthawi zonse pamalo omwewo. Amayi a pamjigo ankati njinga imeneyo ili ndi mwambo.

Tsiku limenelo ndinapita dzuwa litapendeka, anthu atatha kutunga. Sindinkayembekeza kuti abwera, koma anabwera. Anagwada pafupi ndi njinga yake, nsana atandipatsa, ndipo tinalankhula osayang'anana, ine ndikupopa madzi kuti phokoso litiphimbe.

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Anati wolakwa ndi iye, chifukwa chaka chonsecho sanandiuzepo za bokosi. Ankaona ngati mwana aliyense wa pa Chipoka amadziwa, n'kuiwala kuti ine ndine wa kumtunda. Anandifunsa za theka linalo, ndinamuuza kuti lapsa. Anapuma mwamphamvu n'kuti Alihamudulila.

Ndinamuchonderera kuti athawe. Ndinati akwere bwato ndi asodzi apite kuchilumba cha Mbenji, kapena abwerere kwa abale ake ku Nkhotakota mpaka nkhani izizire. Anapukusa mutu. Anati iye akathawa, a malaya ofiira adzatenga amayi ake, chifukwa nawonso amakhala pabenchi yomweyo, ndipo amayi ake sangathe sabata limodzi m'ndende.

"Lodwick wabwera kwanu?" anafunsa.

Ndinati ayi. Linali bodza langa loyamba kwa iye, ndipo linatuluka mosavuta mpaka ndinadziopa. Ndinkadziwa kuti ndikamuuza mtengo umene Lodwick anatchula, akanakana, akanalusa, mwina akanapita kukamugwira pakhosi, zinthu n'kuipiraipira. Ndinati bola andide ali moyo panja, kusiyana ndi kundikonda ali kumene munthu sabwerako.

Anabwezera tcheni, anapukuta manja paudzu, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso.

"Elsie, aliyense akakufunsa, iwe sunakhudze pepala. Lumbira."

Ndinalumbira. Anamwetulira pang'ono, anandiuza kuti ndowa yasefukira kalekale, n'kukwera njinga yake. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota pamsika, madzi akundithira kumapazi.

* * *

Lachisanu m'mawa ndinawaperekeza azakhali kusiteshoni, nditawanyamulira chikwama ndi mtolo wa usipa. Njira yonse ankayeseza mawu oti akawauze amalume. Ankati ayamba ndi kachombo, awaonetse ntchito ya manja a mnyamatayo, za chipembedzo zibwere pambuyo. Ine ndinkangoti inde, inde.

Lodwick tinamupeza atafika kale, malaya ositidwa, zolembera zili ndandanda m'thumba. Anali wosangalala modabwitsa. Anawalandira azakhali chikwama, anawapezera malo pamthunzi, kenako anaima pambali panga n'kutsokomola pang'ono.

Ndinagwada pamaso pa azakhali. Ndinayang'ana thumba la malaya lija, ndinaganiza za Abbas ali kumbuyo kwa Landirova, ndipo mawu anatuluka okha.

"Azakhali, ndaganiza bwino. Mukawauze amalume kuti ndawalola a Lodwick. Ankhoswe awo abwere."

Azakhali anandiyang'ana, anayang'ana Lodwick, anandiyang'ananso. Kenako anandigwira pamkono n'kundikokera kuseri kwa thanki ya madzi, kutali ndi makutu ake. Anandifunsa ngati ndadwala mutu. Dzulo lomweli ndinkanjenjemera pafupi ndi wosema uja, lero ndikuti chiyani? Anandifunsa ngati munthuyu wandiopseza, ngati pali chimene ndikubisa, ngati mwina ndili ndi pakati. Zonse ndinakana. Ndikanawauza bwanji, iwo atavala nkhope yomweyo m'chiuno, ndiponso atayenda ndi theka lake m'chikwama osadziwa? Kudziwa kokhako kukanawaika pamlandu.

"Elsie," anatero, "mawu amenewa ndikakwera nawo sitima sabwereranso. Amalume ako akangolandira ankhoswe, basi kwatha. Ndinyamule?"

Ndinati anyamule.

Sanandikumbatire potsazikana. Anakwera, anakhala pawindo, ndipo sitima itayamba kuyenda anali akundiyang'anabe ngati munthu amene wagula chinthu n'kuzindikira mochedwa kuti ndi cha polishi.

Bogi yomaliza isanathe n'komwe kudutsa, Lodwick anapisa m'thumba n'kundipatsa pepala lija. Sanandivutitse, sanandiuze kuti ndilumbire, sanafune kanthu kena.

"Tengani," anatero. "Lilibenso ntchito."

Ndinalilowetsa pachifuwa, mkati mwa bulauzi. Ndinamva mtima ukutsika pang'ono. Ndinati ndataya zonse, koma Abbas wapulumuka. Mawu akuti lilibenso ntchito sindinawaganizire konse, ndinayesa akunena za pangano lathu. Ndinamusiya ataima pomwepo, ndipo nditangokhota ndinayamba kuthamanga kulowera kudoko. Ndinkafuna Abbas amve kwa ine, asamve kwa anthu.

* * *

Padoko panali zii, sitima ya pamadzi itapita dzulo lake. Ogulitsa analipo ochepa, ndipo atandiona aliyense anapeza chochita. Wina anayamba kupukuta njovu yake yamtengo, wina anawerama kufuna chinthu pansi pa benchi. Palibe amene anandipatsa moni.

Benchi yachitatu inali yophimbidwa ndi chiguduli. Pansi pake, pamene pankakhala bokosi, panali mchenga wokha ndi chizindikiro cha ngodya zinayi. A Hajara anali atakhala pamphasa pawo, mlaza uli pamiyendo, manja ali chete. Chiwadziwireni ndinali ndisanawaonepo manja amenewo ali chete.

Ndinagwada pafupi nawo n'kufunsa kuti Abbas ali kuti.

Anandiuza mwapang'onopang'ono, osalira. Dzulo madzulo Lodwick anabwera kunyumba kwawo, n'kumuitanira Abbas kuseri. Iwo sanamve zambiri, anangomva mawu akuti aphunzitsi ndi akuti mawa m'mawa. Abbas atabwerera m'nyumba sanadye. Lero atatha kupemphera swala ya m'bandakucha anasamba, anavala mkanjo wake woyera wa Lachisanu, anasenza bokosi lija pamutu, n'kupita yekha kuofesi ya chipani. Kumeneko anakanena kuti dzulo anang'amba tsamba la nkhope ndi manja ake, ndipo palibe wina amene analikhudza. Landirova inamutenga kulowera ku Salima dzuwa litangotuluka.

Dzuwa litangotuluka. Nthawi imeneyo ine ndinali ndisanamange n'komwe mtolo wa usipa. Pamene ndinkagwada pasiteshoni, pamene ndinkauza azakhali kuti anyamule mawu, Abbas anali atapita kale, ndipo Lodwick ankadziwa. Kwa ine anatchula dzina la Abbas, kwa Abbas anakatchula dzina langa, ndipo tonse awiri tinalipira pepala limodzi. Ndinafuna kukuwa, koma padoko pamenepo ngakhale kulira kunkafunika chilolezo. Ndinangogwira mchenga ndi manja onse awiri.

A Hajara anamasula mfundo ya mpango wawo n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'kansalu koyera. Anati Abbas anawasiyira kuti andipatse. Chinali chipeso cha phingo weniweni, cholemera m'manja, mano ake awiri omaliza asanasalazidwe.

Ndinachigwira pachifuwa, ndipo pansi pa bulauzi pepala lija linachita phokoso. A Hajara anandigwira dzanja. Dzanja lawo linali lokhakhala ndi mlaza, koma anandigwira mofatsa, ngati mpongozi wawo.

"Mwana wanga wagwira ntchito pabenchi iyi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Pepala saling'amba ndi manja, amadula ndi mpeni. Bokosi lija salitsegula pali anthu. Walahi, akunama, akubisa munthu wina, ndipo munthu ameneyo akapezeka mwina angandibwezere mwana wanga. Ine maso anali pamkeka, sindinaone. Koma inu, mayi, munaima pomwepo. Anang'amba ndani?"

Kuseri kwa mtengo wa mango, pafupi ndi msomali wa mapepala, anyamata awiri a malaya ofiira anasiya macheza awo n'kutembenuka kuti amve yankho langa.